Rod ya ma soft plastic, musangogula poti yatalika kapena yawala

Anzanga amene mwayamba kuwedza ndi nyambo zofewa za pulasitiki zija, tinyongolotsi, tinsomba ta mchira wogwedera, tima grub, choyamba mudziwe kuti nyambo imeneyi payokha ilibe moyo. Spinner, nyambo ya kachitsulo konyezimira ija, imazungulira yokha mukamakoka, nyongolotsi yeniyeni nsomba imaimva fungo nkubwera yokha, koma pulasitikiyu amene mumamupatsa moyo ndinu, ndi dzanja lanu kudzera pa rod. Ndipo nsomba ikamugwira sichedwa naye mkamwa, ikangozindikira kuti sichakudya imalavula. Ndiye rod yanu, ndodo yowedzera ija, ili ndi ntchito ziwiri, ikuuzeni msanga kuti kwagogoda chinachake pansipo, komanso ikhale ndi msana wolowetsa mbedza mkamwa nthawi yomweyo. Zina zonsezi, kaya mtundu, kaya dzina lalikulu lolembedwa pambali, zimabwera pambuyo.

Yambani ndi chimene anapangira. Pali fibreglass, pali graphite imene ena amati carbon. Fibreglass njolimba zedi, mutha kuiponya kumbuyo kwa vani isathyoke, koma njolemera ndipo imameza kugogoda konse, nsomba imadya nkulavula inu muli phee simunamve kanthu. Yowedzera mlamba ndi chiwindi cha nkhuku ili bwino, chifukwa kumeneko mumangodikira nsonga iwerame. Pa soft plastic ayi, tengani graphite. Njopepuka, ndipo mtovu wolemeretsa nyambo ukakhudza mwala mumamva, ukakhudza matope mumamva kuti apa mpofewa, ukadutsa pa nthambi mumamvanso, ndiye nsomba ikagogoda mumasiyanitsa. Kamayesedwe kake mu shopu nkosavuta, gwirani rod pomwe pamakhala reel, chokulungira chingwe chija, mnzanu aike nsonga pakhosi pake pang'ono chabe ayambe kulankhula. Rod yabwino mawu ake mumawamva akunjenjemera mdzanja mwanu. Ya zii simumva chilichonse olo afuule.

Manje tibwere pa action, apa ndi pamene anthu ambiri amasochera chifukwa amaisokoneza ndi power. Action ndi malo amene rod imapindikira. Ikalembedwa fast imapindika chakumtunda kokha, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kunsonga, kumunsi konse kuli gwa. Moderate imapindika mpaka pakati, slow imapindika yonse mpaka pafupi ndi chogwirira. Pa nyambo zathuzi mukufuna fast, ena amafika pa extra fast. Chifukwa chake nchakuti mukamanga nyambo mwa njira ija amati Texas rig, nsonga ya mbedza imabisala mkati mwa pulasitiki kuti isakole udzu, ndiye nsomba ikadya mbedzayo iyenera kuboola pulasitiki kaye kenako nkuboola mlomo wa nsomba, ndipo rod yopindika yonse mphamvu yanu imathera mkupindikako isanafike kumbedza, mumakoka mwamphamvu koma kubwera pulasitiki yekha ali ndi timabala ta mano. Komanso fast ndi imene imakulolani kudumphitsa jig head, mbedza ija yokhala ndi mutu wa mtovu, pansi pang'onopang'ono, kugwedeza dzanja pang'ono nyambo nayo yagwedera pompo. Mu shopu tsamiritsani nsonga pansi kapena padenga mofatsa muone pomwe ikuyambira kupinda, musangokhulupirira zolembedwa, fast ya Shimano ndi fast ya Okuma kapena Daiwa sizifanana ndendende.

Power ndi mphamvu imene imafunika kuti ipindike, light, medium light, medium, medium heavy mpaka heavy. Ngati ndalama ikulola rod imodzi yokha, ine ndimati medium. Ndipo werengani timanambala tolembedwa pamwamba pa chogwirira, anthu amatidumpha koma nkhani yonse ili pamenepo. Mupeza mwina 7'0" M F, kutanthauza kutalika mafiti 7, power medium, action fast, kenako 1/4-5/8 oz, kulemera kwa nyambo mu ma ounce, kenako 6-12 lb, mphamvu ya chingwe mu mapaundi. Ounce imodzi ndi magalamu 28, ndiye 1/4 ndi magalamu 7, 5/8 ndi pafupifupi 18. Kulemera kumeneku muwerengere jig head pamodzi ndi pulasitiki wake, osati mtovu wokha. Mukaika nyambo yopepuka kwambiri rod siipinda poponya, nyambo imagwera pafupi pompa, mukaika yolemera mopitirira mukuika nsonga pachiswe.

Kutalika musavutike nako kwambiri. Kuyambira 6'6" mpaka 7'0", amene ndi mamita awiri kapena kupitirira pang'ono, zakwana. Woima kumtunda atenge 7 kuti aziponya patali, ndipo kuponya patali kumathandizanso kuti musaime mphepete mwenimweni mwa madzi, ng'ona za mu Kafue ndi Zambezi si zamasewera abale anga. Wa mbwato kapena wowedza pansi pa mitengo 6'6" imamumvera bwino. Zazitali za mamita atatu kapena anayi zija nza carp ndi kunyanja yamchere, mkono umatopa ola lisanathe chifukwa kuwedza kumeneku nkoponya ndi kukoka tsiku lonse.

Spinning kapena baitcaster? Ngati mukuyamba kumene, spinning, ija reel imalendewera pansi ndipo mphete zoyamba zodutsamo chingwe nzazikulu. Imaponya nyambo zopepuka popanda vuto, reel ya saizi 2500 kapena 3000 imakhala bwino pa rod ya medium. Baitcaster, ija reel imakhala pamwamba pa rod, njabwino pa nyambo zolemera ndi malo a zitsa, koma imafuna chala chozolowera, apo ayi theka la tsiku mukhala mukumasula chingwe chosokonekera. Chachikulu musasakanize, rod ya baitcaster ili ndi kokowa pansi pa chogwirira ndi mphete zing'onozing'ono zoyang'ana kumwamba, reel ya spinning siyendapo bwino.

Kenako dzifunseni kuti kodi ine ndimapita kuti kwenikweni. Ife a mu Lusaka ambiri timathera ku Kafue poti mpafupi, makilomita ngati 45 chabe, kapena kumadamu a mmafamu kumene kuli bass ndi bream. Ku Kafue kumtunda kwa chigwa chozama cha Kafue Gorge kulibe nsomba ya tiger, kuli nembwe ndi abale ake a kamwa lalikulu, kuli pike, ndiye medium fast ija yakwana. Kungoti nembwe imakonda kubisala mmitengo yogwera mmadzi ndi mbango, ikadya imathawira mommo, ndipo pomwe pali udzu woyandama uja amati Kafue weed wambiri mungafune medium heavy kuti muitulutse isanakulunge chingwe. Koma ngati mtima uli ku Chirundu, Lower Zambezi kapena Siavonga pa Kariba, makamaka nthawi yotentha ija ya September mpaka November tiger ikamalusa, medium heavy ndiye poyambira. Kamwa la tiger ndi fupa lokhalokha, rod yofewa siilowetsa mbedza, imadumpha kamodzi nkukuponyerani nyambo yanu. Muikenso waya kutsogolo chifukwa mano ake amadula chingwe, ndipo tengani mapulasitiki ambiri, imawadula michira mosaumira.

Rod yomva bwino muiwononga mukaika chingwe cha nayiloni chokhuthala, chifukwa nayiloni amatamuka ngati legeni. Ikani braid, chingwe choluka chija, siitamuka, ya 10 mpaka 15 lb pa Kafue ndi madamu, yokulirapo pa tiger, kumapeto mangani chingwe cha fluorocarbon kutalika mita imodzi kapena kupitirira kuti nsomba isaone chingwe. Koma braid imafuna mphete zabwino zokhala ndi ceramic mkati, makamaka ngati mukugula rod yogwiritsidwapo kale ntchito. Tengani kathonje kapitikitseni mkati mwa mphete iliyonse, pakakodwa ulusi ndiye kuti pali mng'alu, ndipo mng'alu umenewo udzakudulirani chingwe tsiku lomwe mwakola nsomba yaikulu. Onaninso ngati mphete zonse zili pamzere umodzi, ndipo pitani ndi reel yanu ku shopu muimange pompo, muike chala kutsogolo kwa reel muone ngati ikukhazikika kapena ikugwera kunsonga. Yolemera kutsogolo imapweteka pamkono.

Ya chidutswa chimodzi kapena ziwiri, akatswiri amakonda chimodzi koma tinene zoona, woyenda pa minibasi rod ya mamita awiri ailowetsa bwanji, kondakitala akatseka chitseko nsonga yapita. Tengani two piece, zamasiku ano zimamva bwinobwino, muidulire paipi ya PVC yokhala ndi zotsekera mbali zonse muziinyamuliramo. Ma telescopic otchipa aja, olowetsana ngati eriyo ya wailesi, pa ntchito imeneyi asiyeni, mfundo zachuluka ndipo kumva kumathera mmfundomo.

Graphite ili ndi malamulo ake. Musanyamule nsomba mmwamba ndi rod itaima chilili, nsonga imathyoka pomwepo, gwiritsani neti. Nyambo ikakodwa pansi musalimbane nayo ndi rod, lozetsani rod kumene yakodwako mukoke chingwe molunjika. Imadutsanso magetsi, ndiye mitambo ikayamba kugunda igonekeni pansi muchoke pamadzi, ndipo yang'anani mawaya a magetsi musanaponye. Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi pa Kafue ndi madzi ena ambiri kuti nsomba ziswane, ndiye miyezi imeneyo mangani kamtovu kopanda mbedza muziyeserera kuponya mu ndowa pabwalo pakhomo, ikamafika March dzanja lidzakhala litaizolowera rod yanu.