Mukafuna kudziwa chisamaliro cha okalamba, yambani ndi chidendene

Mabanja ambiri akafika poti agogo akufunika kukakhala kunyumba yosamalira okalamba, amakaona malowo tsiku limene apangana ndi eni ake. Amawalandira bwino, kuwaonetsa chipinda chokolopedwa m'mawa womwewo, maluwa panja, wailesi yakanema pabalaza, ndipo amabwerako mitima ili m'malo. Zimenezo si zachabe, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo mwangoona nyumba. Chisamaliro chenicheni chimaonekera pathupi la munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha pabedi, makamaka nthawi imene palibe akuyembekezera mlendo.

Ine ndinaziphunzira mochedwa. Azakhali anga atafa ziwalo mbali imodzi anakhala pamalo ena otere kwa miyezi ingapo. Ndinkapita Lamlungu lililonse masana n'kuwapeza atasamba, atavala zoyera, atafunda bulangete mpaka pachifuwa. Tsiku lina ndinati ndiwadzoze mafuta kumapazi. Sokosi yakumanzere inakana kuvuka, inali itamatirira. Nditaichotsa pang'onopang'ono ndinapeza chidendene chada ngati chapsa ndi moto, chili chofewa, chikutuluka madzi. Iwo sanadandaulepo chifukwa mwendo umenewo sunkamva kanthu. Milungu yonseyo ndinkangoyang'ana nkhope, bala likukula pansi pa bulangete, ndipo linatenga miyezi kuti lipole.

Zilonda zotere zimayamba motere. Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, fupa limapanikiza mnofu ndi khungu pa matiresi, magazi n'kusiya kuyenda pamenepo. Maola ochepa chabe ndi okwanira kuti mnofu uyambe kufa, ndipo nthawi zina umayambira kufa m'kati, pafupi ndi fupa, khungu likuonekabe labwino. N'chifukwa chake muziyang'ana malo amene fupa lili pafupi: zidendene, akakolo, pamene msana umathera pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zigongono, mapewa, nkhongo, ngakhale makutu. Pemphani chilolezo kwa agogowo, tsekani chitseko, ndipo muone modekha. Mukapeza banga lofiira, lidinikizeni ndi chala. Khungu labwino limayera pang'ono kenako n'kubwerera; ngati banga silikusintha, chilonda chayamba kale. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka kwenikweni, ndiye dalirani dzanja lanu: malo amene ada kuposa pena, otentha kapena ozizira mosiyana ndi khungu loyandikana nalo, olimba kapena ofewa modabwitsa. Musawatikite malo oterowo, mungawonjezere kuvulala.

Munthu wosatha kudzisuntha amafunika kutembenuzidwa usana ndi usiku. Lamulo limene anamwino ambiri amatsatira ndi la maola 2 alionse, ngakhale amalisintha malinga ndi munthu komanso mtundu wa matiresi. Zidendene zisakhudze bedi: pilo amaikidwa pansi pa akatumba a miyendo kuti zilendewere. Funsani namwino wamkulu kuti anayeza bwanji chiopsezo cha zilonda pa m'bale wanu. Ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa Braden, umene Barbara Braden ndi Nancy Bergstrom anaufalitsa mu 1987. Umayang'ana zinthu 6, monga kunyowa kwa khungu, kadyedwe ndi kutha kudzisuntha, ndipo umapereka nambala kuyambira 6 mpaka 23. Nambala ikachepa, chiopsezo chakula. Simukufunika kuudziwa wonse. Chofunika n'chakuti mukafunsa, namwino atsegule fayilo n'kukuonetsani nambala ndi tsiku limene anayeza. Pemphaninso pepala limene amalembapo nthawi yotembenuza wodwala. Mukaona kuti tsiku lonse, usiku womwe, lalembedwa ndi dzanja limodzi ndi cholembera chimodzi, kapena kuti ola limene silinakwane lasainidwa kale, dziwani kuti akutembenuza pepala osati munthu.

Mukachoka kumapazi pitani kukamwa. Milomo yong'aluka, lilime louma, zotsalira za chakudya chadzulo m'masaya, mano oikirira amene ali m'kabati m'malo mokhala m'kamwa, zonsezi zikukuuzani mmene m'mawa umayendera pamalopo. M'kamwa mwauve si nkhani ya fungo lokha, chifukwa tizilombo ta mmenemo tikatsikira m'mapapo timayambitsa chibayo. Onaninso pamene pali kapu ya madzi. Munthu akamakalamba ludzu limachepa, sapempha madzi ngakhale thupi likuwafuna, ndipo ena amadzimana dala poopa kuvutitsa anthu ndi zopita kuchimbudzi. Kapu yodzaza imene ili patebulo loti dzanja lawo silifikapo ili ngati kulibe. Mkodzo wochepa ndi wakuda, komanso kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi, kawirikawiri zimachokera pamenepa kapena pa matenda amene sanaonedwe msanga. Musavomere kuti ndi ukalamba chabe pamene munthu amene amacheza bwino dzana lero sakukuzindikirani.

Ngati mungathe kupita kamodzi kokha, sankhani nthawi ya chakudya, ndipo mukhale pansi mpaka mbale zichotsedwe. Onani amene sangathe kudya okha. Wowadyetsa wabwino amawakhazika tsonga, nayenso n'kukhala pansi moyang'anana nawo, kudikira kuti ameze asanawapatse china. Wina amaimirira ndi supuni, kudyetsa anthu atatu nthawi imodzi, maso ali pakhomo. Munthu amene amatsokomola kapena kutsamwa akamameza afunika kuonedwa ndi a chipatala, ndipo akatha kudya asagonekedwe nthawi yomweyo. Akhale tsonga pafupifupi mphindi 30. Mbale ikachotsedwa yosakhudzidwa, mverani ngati wina afunse chifukwa chake. Ndipo funsani za sikelo. Malo osamala amayeza anthu awo pafupifupi mwezi uliwonse. Kutsika ndi 5 peresenti pamwezi umodzi, kapena 10 peresenti pamiyezi 6, ndi chenjezo lalikulu. Kwa munthu wa makilogalamu 60, ndiye kuti makilogalamu 3 pamwezi. Malaya akayamba kukhwepa m'mapewa, musadikire kuti wina akuuzeni.

Za fungo sindichulukitsa. Pamene pali anthu ovala matewera fungo limabwera n'kupita. Lodetsa nkhawa ndi limene lakhazikika m'makoma ndi m'mipando, kapena mankhwala onunkhiritsa opoperedwa kwambiri moti akubisa kanthu.

Zonse ndatchulazi zimafuna manja, ndipo manja ndi amene amasowa. Musafunse kuti pamalopo pali antchito angati, chifukwa adzakuwerengerani ndi a mu ofesi omwe. Funsani kuti usiku wathawu anthu angati anali pantchito mbali imene m'bale wanu amagona, akuyang'anira okalamba angati, ndipo namwino wophunzira analipo kapena ayi. Kenako bwerani osanena, madzulo kwambiri kapena kumapeto kwa sabata, muwerenge nokha. Belu loitanira likalira, yang'anani wotchi. Chezani ndi wosamalira mmodzi mumufunse kuti wagwira nthawi yaitali bwanji pamalopo. Kumene antchito amangosinthasintha, palibe amene amadziwa kuti agogo awa akangokhala chete ndiye kuti akumva ululu. Ndinene pano kuti ntchito imeneyi ndi yolemera, yothyola msana, ndipo ambiri amaigwira ndi mtima wonse. Munthu mmodzi sangatembenuze, kusambitsa ndi kudyetsa anthu 20, ngakhale atakhala wachifundo chotani. Mukaona zolakwika, kawirikawiri gwero lake lili kwa amene amaganiza za chiwerengero cha antchito.

Chinthu chimene chimandiopsa kwambiri ndi bata. Mukalowa masana n'kupeza okalamba ambiri ali m'zikuku, mitu itazolika, dovu likutuluka, osadzuka ngakhale muwaitane, musati ndi mtendere. Funsani mankhwala amene akumwa. Anthu odwala matenda oiwalaiwala nthawi zina amakuwa, kuyendayenda kapena kukana kusamba, ndipo njira yachidule ndiyo kuwapatsa mankhwala a matenda amisala kuti afooke. Mu 2005 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linachenjeza kuti mankhwala monga risperidone ndi olanzapine amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalamba odwala matenda oiwalaiwala, ndipo mu 2008 chenjezolo linafikanso pa mankhwala akale monga haloperidol. Pali nthawi imene dokotala amawalemba pa chifukwa chomveka, choncho musawasiyitse nokha. Koma muli ndi ufulu wofunsa kuti analemba ndani, chifukwa chiyani, anayamba ayesa njira ziti, ndipo adzaunikanso liti. Nthawi zambiri munthu amene akukuwa ali ndi ululu, wadzimbidwa, kapena akufuna kuchimbudzi koma mawu akumusowa.

Kumangirira munthu pampando kapena pabedi n'chimodzimodzi. Amati akumuteteza kuti asagwe, koma womangidwa miyendo imafooka, zilonda zimayamba, ndipo ena amavulala koopsa poyesa kudzimasula kapena kukwera zitsulo za m'mbali mwa bedi. Kugwa kumachitika ndithu: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse okhala m'malo otere, 30 mpaka 50 amagwa chaka chilichonse. Ndiye malo amene angakuuzeni kuti kwawo sikugwa munthu, mwina salemba, mwina anthu awo sadzuka pabedi. Yankho labwino ndi la amene akukuuzani za kugwa komaliza, chimene anapeza kuti chinachititsa, ndi chimene anasintha: nsapato, magalasi a maso, nyali ya usiku, zogwirira kubafa, kapena mankhwala ochititsa chizungulire.

Mverani mmene amawalankhulira. Kodi amagogoda asanalowe? Amawaitana ndi dzina limene iwo amalikonda, kapena amangotchula nambala ya chipinda? Powasintha thewera amatseka katani, n'kuwauza zimene akuchita, kapena amacheza okhaokha pamwamba pawo ngati akuyala bedi lopanda munthu? Nkhanza zimayambira pa zazing'ono zotere, ndipo si zosowa. Malinga ndi WHO, mwa antchito 3 alionse a m'malo otere amene anafunsidwa pa kafukufuku, 2 anavomera kuti anachitirapo wokalamba nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimene chinali chitangotha. Samalani mukaona mikwingwirima m'kati mwa mikono kapena kuzungulira mfundo za manja, agogo akamadzidzimuka dzanja likayandikira, kapena akamangoti zii wantchito wina akalowa. Pezani mpata wocheza nawo muli awiri. Ngakhale mutu wawo utasokonekera, zimene akunena muzifufuze.

Mapepala nawo muwaone: chiphaso cha boma ndi lipoti lomaliza la oyendera. Ku England malipoti a Care Quality Commission, bungwe loyendera malo otere, aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti, ndipo ku United States boma limapatsa malo otere nyenyezi 1 mpaka 5 malinga ndi mmene amasamalira anthu. Kulikonse kumene muli, malo amene akuzengereza kukuonetsani lipoti, kapena amene amaletsa achibale kubwera osanena, akuyankhani kale.

Mukapeza vuto, lembani tsiku, ola ndi chimene mwaona, ndipo ngati agogo alola jambulani bala. Lankhulani ndi namwino wamkulu mwaulemu koma mosabisa mawu, mugwirizane chimene chichitike ndi tsiku limene mudzabwerenso kudzaona. Zikapanda kusintha, kadandauleni molemba kwa mkulu wa malowo, kenako ku bungwe la boma loyendera. Koma chilonda chotseguka kapena chonunkha, kutentha thupi, kupuma movutika, kusokonezeka mutu kwadzidzidzi, kapena kulephera kuponda mwendo atagwa, zimenezi sizidikira kalata. Musachoke pamalopo dokotala asanaitanidwe tsiku lomwelo.