Vidiyo ikumanjenjemera mukazuma? Pangani stabilize kaye

Mwajambula mkwati muli kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, pa editing mwati mumukokere pafupi, basi chithunzi chayamba kuvina. Sikuti softiweya yalakwa ayi, dzanja lanu linkanjenjemera kale kungoti sizinkaoneka, ndiye mukazuma kawiri kugwedezeka nako kumakula kawiri.

Musazume kaye. Mu softiweya ya editing ya Premiere Pro ikani Warp Stabilizer, effect yochepetsa kugwedezeka, pa clip ikadali mmene inachokera mu kamera, nkuidikira imalize kuwerenga ma frame, pa laputopu yotopa mutha kukatereka tiyi nkubwera isanathe. Smoothness imabwera ili pa 50% ndipo kwa ine imeneyo yachuluka, imadya m'mbali mwa chithunzi kwambiri, ndimatsitsa kufika pa 10 kapena 15 nkuonera. Pa Method mupeza Subspace Warp, iyiyi ndi imene imapangitsa zipupa ndi mitu ya anthu kumapindika ngati ukuziona m'madzi, ndiye pa shoti ya patali sinthani muike Position, Scale, Rotation kapena Position yokha. Ngati mumafuna kamera ingoima phee ngati ili pa tripod, pa Result sankhani No Motion.

Zikakhazikika pangani Nest, kutanthauza kuitsekera clip mu sequence (timeline) yakeyake, zoom yanu muikire pa nest-yo.

Mukajambula 4K ndiye mwalemera, chifukwa 3840x2160 pa timeline ya 1080p mutha kukoka kawiri chithunzi osaphwanyika, koma pangani stabilize mu sequence yake ya 4K kenako muiponye mu ya 1080, apo bii Premiere itha kukutulutsirani kamzere kofiira koti kukula kwa clip sikukugwirizana ndi sequence. Imakananso mukasintha speed pa clip yomweyo, mankhwala ake ndi Nest yomweyo.

Amene mumagwiritsa ntchito softiweya ya DaVinci Resolve pitani pa Inspector, Stabilization, sankhani Translation mmalo mwa Perspective, Camera Lock ndiye No Motion wawo. Pa CapCut yambani ndi Recommended, Most stable imadula heve.

Chimene sichikonzeka ndi blur. Mukajambula mu mdima shutter speed ili pansi, kutanthauza kuti kamera ikuchedwa kutola frame iliyonse, frame iliyonse imene dzanja linagwedezeka imatuluka yosaoneka bwino, ndiye stabilizer ikaimitsa chithunzi nkhope imangoti kuyera kuzima, kuyera kuzima. Pamenepo ine ndimangodula, nkuphimba ndi shoti ya anthu akuvina kapena ya keke.