Momwe mungamvetserere mawailesi a ndale a mbali ya Republican ku America osasochera

Munthu amene akufuna kumvetsa ndale za ku America sangadalire mitu ya nkhani ya BBC kapena CNN yokha, chifukwa ovota ambiri a chipani cha Republican satenga maganizo awo kumeneko. Amawatenga, mwa zina, pa mawailesi a zokambirana, makamaka a AM, amene amamveka m'galimoto popita ndi pobwera ku ntchito, m'magalaja, m'minda ikuluikulu ya chimanga ndi tirigu, komanso m'malole oyenda mitunda italiitali. Oulutsa mapulogalamuwa amadzitcha conservative, kutanthauza anthu ofuna misonkho yochepa, boma losalowerera kwambiri pa chuma cha munthu, malire otetezedwa, ufulu wokhala ndi mfuti ndi makhalidwe ozikidwa pa chipembedzo ndi banja. Kuwamvera kumapindulitsa, bola mudziwiretu kuti wolankhulayo ali ngati loya wa mbali imodzi ya mlandu, osati woweruza, ndipo mwini wakeyo sabisa zimenezi.

Dziwani kaye chifukwa chimene amakonderera poyera

Kuyambira mu 1949, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la Federal Communications Commission linkalamula mawailesi kuti pa nkhani zimene anthu akutsutsana azipereka mpata kwa mbali zosiyanasiyana, ndipo mfundo imeneyi inkatchedwa Fairness Doctrine. Mu 1987 aphungu anayesa kuisandutsa lamulo lokhazikika, koma Pulezidenti Ronald Reagan anakana kusaina, ndipo chaka chomwecho bungwe lija linaithetseratu. Pa 1 Ogasiti 1988, Rush Limbaugh, yemwe ankagwira ntchito pa wailesi ina ya ku Sacramento, anayamba kumveka m'dziko lonse kuchokera ku New York, tsiku lililonse la ntchito, ndipo kachitidwe kake ndi kamene ambiri akutsanzirabe mpaka pano: munthu mmodzi pa maikolofoni, nthabwala zogemula adani, mkwiyo wodziwa poyambira ndi polekezera, ndi mafoni owerengeka a omvera. Mphamvu zake zinaonekera mu 1994, pamene a Republican analanda House of Representatives, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku America (inayo ndi Senate), patadutsa zaka 40 ili m'manja mwa a Democrat, ndipo aphungu atsopanowo anamulemekeza pomuyesa mmodzi wa gulu lawo. Kenaka lamulo la Telecommunications Act la 1996 linachotsa malire a chiwerengero cha mawailesi amene kampani imodzi ingakhale nawo m'dziko lonse, mwakuti kampani ya Clear Channel, imene lero ndi iHeartMedia, inafika pokhala ndi mawailesi oposa 1,000.

Mbiri imeneyi ikupulumutsani ku cholakwa chimene omvera atsopano ambiri amagweramo. Mukamva nkhani imodzimodzi pa wailesi ya ku Texas, ya ku Ohio ndi ya ku Florida, musaganize kuti mwapeza mboni zitatu, chifukwa nthawi zambiri ndi munthu mmodzi wolankhula kuchokera mu situdiyo imodzi, amene mawu ake akugawidwa ku mawailesi mazanamazana nthawi imodzi.

Sankhani womumvera ndipo mukhale naye sabata ziwiri

Limbaugh anamwalira pa 17 Febuluwale 2021, ndipo nthawi yake, yoyambira 12 koloko masana ku New York, kampani ya Premiere Networks inaipereka kwa Clay Travis ndi Buck Sexton, amene wachiwiriyu anagwirapo ntchito ku bungwe la azondi la CIA. Sean Hannity amalowa 3 koloko masana, pamene Mark Levin wa kampani ya Westwood One amayamba 6 koloko madzulo. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa New York ndi maola 6 kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 7 miyezi yotsalayo, choncho Hannity angakupezeni 9 kapena 10 koloko usiku, ndipo Levin amayamba kuno kuli pakati pa usiku. Palibe chifukwa chochezera. Mapulogalamu ambiri amaikidwa ngati podcast pa Spotify, Apple Podcasts kapena YouTube, malonda ambiri atachotsedwa, ndipo ola limodzi la mawu okhaokha limadya pakati pa 30 ndi 60 MB, zomwe ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo.

Malangizo anga ndi akuti wofuna za chitetezo cha dziko ndi ubale wa mayiko ayambe ndi Hugh Hewitt wa kampani ya Salem Media Group, loya amene anagwirapo ntchito m'boma la Reagan, chifukwa amathera nthawi yambiri akufunsa masenata, akuluakulu a usilikali opuma ndi atolankhani, ena mwa iwo osagwirizana naye. Levin, amene anali mkulu wa ogwira ntchito mu ofesi ya Edwin Meese, nduna ya zachilungamo ya Reagan, amathandiza pa nkhani za makhoti ndi malamulo oyendetsera dziko, ngakhale kukuwa kwake kumafuna munthu wa makutu opirira. Hannity ndi wabwino kwa amene akungofuna kudziwa nyimbo imene chipani chikuimba tsiku limenelo. Aliyense amene mungasankhe, musamuweruze ndi tsiku limodzi, chifukwa pakatha sabata ziwiri mudzakhala mukudziwa nkhani zimene amabwereza ngakhale palibe chatsopano, anthu amene sawadzudzula zivute zitani, ndi nkhani zimene amaziponda mwadala, ndipo zimene sanena n'zimene zimakuuzani zambiri za iye.

Gawani tsamba la kope m'magawo atatu

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. M'gawo loyamba lembani chimene akuti chachitika, monga bilu imene yadutsa, chigamulo cha khoti, chiwerengero cha anthu ogwidwa pa malire a Mexico, kapena mawu amene wandale wina wanena. M'gawo lachiwiri lembani tanthauzo limene woulutsayo akuchipatsa. M'gawo lachitatu lembani chimene akufuna kuti muchite, kaya ndi kuimbira foni senata, kuvotera munthu wina, kupereka ndalama kapena kugula katundu. Mudzapeza kuti gawo loyamba limakhala ndi mizere iwiri kapena itatu pa ola lathunthu, pamene lachiwiri limasefukira, ndipo zimenezi si chinyengo ayi, ndi mmene ntchito yake inapangidwira.

Za m'gawo loyamba zokhazo ndi zimene muyenera kukatsimikizira kwina. Bilu iliyonse ndi momwe aphungu anavotera zili pa Congress.gov, mtengo wa bilu umawerengedwa ndi Congressional Budget Office, ndipo zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo zimaonetsedwa zonse pa kanema wa C-SPAN popanda wothirira ndemanga. Kachidutswa ka mawu a wandale kakamveka kodabwitsa kwambiri, funani mphindi zisanu za patsogolo ndi pambuyo pake musanakhulupirire, popeza luso lodula mawu ndi limene situdiyo zoterezi zimalidziwa koposa.

Gawo lachitatu musalinyoze. Mawailesi ambiri ang'onoang'ono amalandira pulogalamu popanda kulipira, posinthana ndi mphindi za malonda, ndipo woulutsayo amawerenga yekha malonda ena ndi mawu omwewo amene anali kufotokozera za dziko. Akamaliza kukuuzani kuti dola ili pafupi kugwa kenaka n'kukulangizani kampani yogulitsa golide, lembani zonse ziwiri pa mzere umodzi. Nawo mafoni a omvera si chithunzi cha dziko lonse, chifukwa pali munthu wolembedwa ntchito yosefa oimba foni, amene amasankha okhawo othandiza kuti pulogalamu ikome, kuphatikizapo wotsutsa wofooka woti bwana amugonjetse mosavuta.

Phunziraninso mawu awo ochepa. Akati mainstream media amatanthauza nyumba zazikulu zofalitsa nkhani monga New York Times ndi CNN, zimene amazitenga ngati za mbali ya Democrat. Akati deep state akunena akuluakulu a ntchito za boma ndi azondi amene akuwaganizira kuti amatchinga zofuna za pulezidenti wosankhidwa. Akatchula wandale kuti RINO ndiye kuti ndi wa Republican pa dzina lokha, ndipo mawu amenewa muziwatchera khutu kwambiri, chifukwa amakuuzani amene ali pa chiopsezo pa zisankho zachipulula.

Nthawi ya zisankho

Mphamvu za mawailesiwa n'zazikulu mkati mwa chipani kusiyana ndi pa chisankho cha dziko lonse, chifukwa omvera awo ndi amene sajomba pa zisankho zachipulula ndiponso ndi amene amaimbira aphungu mafoni. Mu 2007 Pulezidenti George W. Bush, wa Republican yemweyo, ankafuna bilu yokonza malamulo a anthu olowa m'dziko, koma oulutsa anaitcha chikhululukiro kwa ophwanya lamulo, omvera anadzaza mafoni a ku Senate, ndipo biluyo inafera komweko mu Juni chaka chimenecho. Choncho muwakhulupirire akamakuuzani chimene chakwiyitsa otsatira chipani, koma musawakhulupirire akamalosera wopambana.

Khalani ndi masamu anuanu. Pulezidenti amasankhidwa ndi mavoti 538 a Electoral College, gulu la oimira zigawo za dziko momwe chigawo chilichonse chili ndi chiwerengero chake cha mavoti, ndipo wopambana amafunika 270. Mu 2024 nkhondo yeniyeni inali m'zigawo zisanu ndi ziwiri, zomwe ndi Pennsylvania ya mavoti 19, Georgia ndi North Carolina za 16 chilichonse, Michigan ya 15, Arizona ya 11, Wisconsin ya 10 ndi Nevada ya 6, ndipo Donald Trump anazitenga zonse n'kupeza 312 pamene Kamala Harris anapeza 226. Woulutsa akamanyadira khamu la pa msonkhano kapena kafukufuku mmodzi wokomera mbali yake, funsani kuti zikunena chiyani za zigawo zoterezi. Mipando yonse 435 ya House imavoteredwa zaka ziwiri zilizonse, pamodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a masenata 100, ndipo mabilu ambiri amafuna mavoti 60 kuti adutse ku Senate, mfundo imene oulutsa amaiiwala dala akamadzudzula atsogoleri a chipani kuti ndi amantha.

Chaka cha 2020 chikhale muyeso wanu. Joe Biden anapeza 306 ndipo Trump anapeza 232, oulutsa ambiri anatha masabata akunena kuti mavoti anabedwa, koma milandu pafupifupi 60 inalephera m'makhoti, ina pamaso pa oweruza osankhidwa ndi Trump yemweyo. Mu Januwale 2021 kampani ya Cumulus Media, mwini wa Westwood One, inalembera oulutsa ake kuti asiye kunena zoti chisankho sichinathe. Mu Epulo 2023 Fox News inavomera kulipira kampani ya makina ovotera ya Dominion madola 787.5 miliyoni pa mlandu wofalitsa zoti makina a kampaniyo anabera mavoti, ndipo mu 2024 Salem Media Group inapepesa kwa munthu wina wa ku Georgia n'kusiya kufalitsa filimu imene inamunamizira kubera mavoti. Mukamva mlandu wa kubera, funsani ngati wafika kukhoti, ndipo ngati wafika, funani chimene maloya ananena pamaso pa woweruza, chifukwa kumeneko nkhani za m'maluwa sizigwira ntchito.

Za nkhondo ndi chitetezo

Musaganize kuti onse amaimba nyimbo imodzi. Mu 2003 pafupifupi onse anachemerera nkhondo ya ku Iraq pa chifukwa cha zida zoopsa zimene sizinapezeke, ndipo bala limenelo linagawa mbali yawo pawiri. Ena, monga Levin ndi Hewitt, amafunabe asilikali amphamvu, kuima ndi Israel ndi kuumira mtima Iran, pamene ena amati ndalama ndi magazi a America zisatayikire m'nkhondo za eni. Kugawikanaku kunaonekera pa thandizo lopita ku Ukraine kuyambira 2022, ndiponso mu Juni 2025 pamene America inaphulitsa malo a nyukiliya a ku Iran, Levin akukangana poyera ndi woulutsa mnzake Tucker Carlson. Dziwani mbali imene woulutsa wanu ali musanatenge mawu ake ngati maganizo a chipani chonse.

Funsaninso kuti mlendo wake ndi ndani, anali ndi udindo wanji, ndipo pano amadya kuti. Khomo la pakati pa situdiyo ndi boma silitsekedwa: Mike Pence anali woulutsa mawu ku Indiana asanakhale phungu, bwanamkubwa ndi wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo mu 2025 Dan Bongino anasiya maikolofoni n'kukakhala wachiwiri kwa mkulu wa bungwe lofufuza milandu la FBI, pamene woulutsa wina, Sebastian Gorka, anapita ku White House kukagwira za kulimbana ndi zigawenga. Munthu woyembekezera udindo sadzudzula amene angam'patse ntchito.

Nkhani ikafika kwathu kuno

Africa imatchulidwa mwa apo ndi apo, ndipo kawirikawiri ngati chitsanzo cha ndalama zowonongeka. Mukamva zimenezi, kumbukirani kuti thandizo lakunja lakhala likudya pafupifupi 1 peresenti ya bajeti ya boma la America, ndiponso kuti ndondomeko ya PEPFAR, imene yathandiza kwambiri pa mankhwala a ma ARV ku Malawi ndi Zambia, inayambitsidwa mu 2003 ndi Bush, mothandizidwa ndi akhristu ambiri a mbali yomweyi. Kuchokera pamenepo mpaka kuthetsedwa kwa USAID mu 2025 pali ulendo wautali wa maganizo, ndipo amene anamvera mawailesiwa zaka za pakatizi anaumva ukuyenda. Koma pa chinthu chokhudza inu mwini, musadalire woulutsa. Mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia anali mayiko oyamba kuikidwa pa ndondomeko yoti ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo malamulo otere amasintha mwadzidzidzi. Wailesi ikuuzani chifukwa chimene ovota akufunira zitseko zothina, koma zimene zikufunika pa pempho lanu muzikaziwerenga pa tsamba la State Department (unduna wa zakunja wa America) kapena la ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe kapena ku Lusaka, pa tsiku limene mukufuna kulemba fomu.