Momwe mungadziwire ngati makobidi akale a teni ali ndi mtengo

M'makomo ambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje muli kachitini kapena sutikesi ya agogo yokhala ndi makobidi akale. Ena anabwera ndi amene anapita ku Joni, ena anadutsa malire kuchokera ku Mozambique, ena ndi akonkuno. Musanawapereke kwa wogula aliyense amene wagogoda pakhomo, tsatirani izi.

Choyamba, musawatsuke. Phulusa, mchenga ndi mandimu n'zotsukira mapoto. Osonkhanitsa makobidi amafuna kobidi lokhala ndi nkhope yake yakale, ndipo lokwechedwa mpaka kuwala limagwa mtengo nthawi yomweyo. Ngati linalowa matope a madzi osefukira, liviikeni m'madzi oyera, kenako muliumitse pa kansalu kofewa osalipukuta mwamphamvu.

Kachiwiri, werengani dzina la dziko ndi chaka, muwapatule m'magulu. Apa m'pofunika kudekha.

La 10 tambala limadziwika ndi mtolo wa chimanga. Linayamba mu 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, pa mlingo wa makwacha awiri pa paundi imodzi. Choncho 10 tambala inali yofanana ndi shileni, ndipo shileni ya 1964 inalinso ndi chimanga chomwecho. N'chifukwa chake achikulire ena anapitiriza kuitchula kuti shileni. Oyambawo ali ndi nkhope ya Dr Kamuzu Banda, pamene ena a 1995 ali ndi ya Bakili Muluzi. Mulibe siliva m'makobidi amenewa, ndipo anapangidwa ochuluka, moti lotha ndi kugwiragwira silingakupatseni zambiri.

La 10 cents la ku South Africa lili mitundu ingapo. La 1961 mpaka 1964, lokhala ndi nkhope ya Jan van Riebeeck, theka lake ndi siliva. Kuyambira 1965 anasintha n'kumapanga laling'ono la chitsulo china, lokhala ndi chomera cha aloe. La ku Zimbabwe loyambira 1980 lili ndi mtengo wa mlambe, womwewu tili nawo ku Ngabu; ndi lokongola koma lotsika mtengo. Mukaona mawu akuti República Portuguesa ndi Moçambique pa 10 centavos, ndiye kuti ndi la nthawi ya Apwitikizi, dzikolo lisanalandire ufulu mu 1975.

La 10 cents la ku America, lolembedwa ONE DIME, ndi limene anthu amalikamba kwambiri pa intaneti. Kuyambira 1946 lili ndi nkhope ya Franklin Roosevelt, kumbuyo kuli muuni ndi nthambi ziwiri. A 1964 kubwerera m'mbuyo ndi siliva magawo 90 pa 100 ndipo amalemera magalamu 2.5. A 1965 kupita m'tsogolo mulibe siliva, ndipo mukayang'ana m'mbali mudzaona mzere wofiirira wa kopa. Lotchuka ndi la 1916 lokhala ndi chilembo cha D, limene anapanga 264,000 okha. Kuti limenelo lipezeke m'chitini cha ku Bangula, ineyo sindingabetche, ndipo onyenga akhala akupanga abodza ake.

Kachitatu, yesani ndi maginito. Ya m'sipika ya wayilesi yakufa ikwanira. Kobidi likakakamira, mulibe siliva. Koma likapanda kukakamira musathamangire kuvina, chifukwa 10 tambala ya 1971 nayo siikakamira. Chaka ndi kulemera kwake n'zimene zimatsimikiza, choncho ngati mungapeze kasikelo koyeza magalamu, kagwiritseni ntchito.

Kachinayi, onani m'mene lilili. Kodi njere za chimanga zija zikuonekabe imodziimodzi? Tsitsi la pa nkhope likadalipo? Loboola, lopindika kapena lodyeka ndi dzimbiri limatsika mtengo ngakhale likhale lakale chotani.

Mukatero jambulani mbali zonse ziwiri pa foni, n'kufufuza dziko ndi chakacho pa tsamba la pa intaneti la makobidi ngati Numista. Mukalowa pa eBay, msika wa pa intaneti, yang'anani mitengo imene makobidi anagulidwadi, osati imene ogulitsa akuitanira, poti munthu atha kulemba mtengo uliwonse umene walota. Kumbukiraninso kuti siliva wa m'kobidi limodzi la ku America ndi magalamu awiri ndi pang'ono chabe; phindu limaoneka akakhala ambiri.

Pa nkhani ya ogula, amene akukuuzani kuti kobidi lanu ndi la mamiliyoni koma muyambe mwamutumizira ndalama ya "kuyezetsa" pa foni, ameneyo ndi wakuba. Wogula weniweni amaona katundu, n'kulipira iyeyo. Kumanani masana pamalo a anthu, ndipo musapite nokha.

Amene mwasankha kusunga, kulungani lililonse m'kapepala kake, lembanipo dziko ndi chaka, muwaike m'botolo lotseka bwino pamalo okwera, kumene chinyezi ndi madzi a Shire sangafike.