Mukufuna ntchito ya ndege koma ndalama za upailoti mulibe? Lowerani ku ops

Ambiri akamva ntchito ya ndege amangoganiza kaputeni wa yunifomu, koma ndege siinganyamuke pa KIA kapena ku Chileka popanda anthu a mu ofesi ya ops (operations), yomwe imakonza maulendo a ndege, ndipo khomo limeneli ndi lotchipirapo.

Choyamba dziwani amene muzigwira nawo. Pali mapailoti ena amaulutsa ndege komanso ali ndi desiki, chief pilot ndi anzake, ndi amene amalemba malamulo a kampani a kaulutsidwe, kuona kuti aliyense wapita ku simulator, makina oyesererapo kuulutsa ndege, nthawi yake, komanso kaputeni akakana kunyamuka chifukwa cha nyengo ndi iwowa amamuikira kumbuyo pamaso pa mabwana omwe akungowerenga matikiti. Kufika pamenepo pamafunika laisensi yapamwamba ya upailoti yotchedwa ATPL, ya maola 1,500 ouluka, kenako zaka ndithu pa mpando wakumanzere, wa kaputeni. Inu simukuyambira apo ayi, ntchito yanu ngati dispatcher, wokonza pulani ya ulendo wa ndege ali pansi, ndi kuwapatsa zoona zokhazokha kuti asankhe bwino.

Yambani ndi METAR ndi TAF, malipoti a nyengo aja, ali pa intaneti ulele. Lembani makodi a mabwalo a ndege, FWKI ndiye Lilongwe, FWCL Chileka, FAOR Johannesburg, tsiku ndi tsiku muziona mphepo ikuchokera kuti, mitambo yatsika bwanji, mpaka zilembozo muziziwerenga ngati meseji ya pa foni. Nthawi yake ndi UTC, ya dziko lonse lapansi, ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye 0600Z ndi 8 koloko m'mawa, apapa ambiri amasokonezeka. Kenako ma NOTAM, zidziwitso za zomwe zasintha pa mabwalo ndi m'njira za ndege, ndi MEL, buku lonena zomwe zingakhale zofa ndege n'kunyamukabe.

Mafuta ndiye mtima wa nkhani. Dispatcher sawerengera a ulendo wokha, amaonjezera okafikira bwalo lina ngati koyamba kwatsekeka, ndi ena a mphindi 30 omaliza pa ndege za jet omwe sitiwayika dala m'mapulani ogwiritsa ntchito, ndipo kaputeni akapempha oonjezera musakangane naye ngati ndalama zikutuluka m'thumba mwanu, mufunseni waona chani.

Za roster, ndandanda wa mashifiti a mapailoti, nazonso phunzirani. Ku Ulaya pailoti sapyola maola 100 ouluka m'masiku 28 kapena 900 pa chaka, dziko lililonse lili ndi malire ake. Munthu akaimba kuti watopa mulembeni, itanani wa standby, dziwitsani chief pilot, osamunyengerera kuti aise ulendo umodzi wokha. Ine izi ndimazitenga kuti ndi zazikulu kuposa zonse, wotopa pa chiwongolero ndi ngozi.

Laisensi ya dispatcher malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amati mukhale ndi zaka 21. East African School of Aviation ku Nairobi amaphunzitsa kosi imeneyi, koma musanalipire fizi funsani kaye a Civil Aviation kwathu kuno ngati pepalalo adzalivomere. Chingerezi chikhale chakuthwa, ndipo konzekerani mashifiti a usiku ndi pa Khrisimasi pomwe.