Momwe mungamangire subwoofer mgalimoto kuti bezi igunde bwino osapsereza sipika

Subwoofer, kapena kuti sabu, ndi sipika ya bezi, ntchito yake ndi imodzi basi, kukankha mpweya. Mkati mwake muli maginito ndi kawaya kokulungidwa komwe amati voice coil, magetsi ochokera ku ampu (amplifier, chowonjezera mphamvu ya mawu) akadutsa mmenemo koni, chimbale cha kumaso kwa sipika chija, imapita kutsogolo nkubwerera, mpweya nkumagwedezeka, ndi chija mumachimva pachifuwa chija. Imalira mawu apansi okhaokha, kuyambira cha pa 20 Hz kufika cha pa 200 Hz, nchifukwa chake imakhala yaikulu, mainchesi 10, 12 kapena 15, timasipika ta mzitseko sitingakwanitse kukankha mpweya wochuluka choncho.

Choyamba, musanagule kalikonse onani RMS, mphamvu yomwe sipika imatha kupirira mosalekeza. Nambala yaikulu yomwe amailemba moonekera pakatoni nthawi zambiri imakhala ya peak, mphamvu yomwe imapirira kwa kanthawi kochepa chabe, musatengeke nayo. Ngati sabu yanu ndi 300W RMS pezani ampu yotulutsa pafupifupi mphamvu yomweyo pa ma ohm a sabuyo, muyeso wa momwe koyilo imakanizira magetsi. Apa mpomwe ambiri amasokonezeka, sabu ya makoyilo awiri a 4 ohm mukailumikiza parallel (positive ndi positive, negative ndi negative) imakhala 2 ohm, series (negative ya koyilo imodzi ku positive ya inzake) imakhala 8 ohm, ndiye tsimikizani kaye kuti ampu yanu imalola 2 ohm, apo ayi izingotentha nkumazima.

Bokosi musalitenge mwachibwana. Lotseka ponseponse limatulutsa bezi yolimba, yodula msanga, ndipo silidya malo ambiri mu buti. La chibowo limaphokosera kwambiri koma limafuna miyezo yeniyeni ya amene anapanga sipikayo, kungoboola mwachisawawa mumapeza chimkokomo chosamveka mutu wake. Ine ngati mukuyamba kumene ndingakulangizeni lotseka.

Tsopano mawaya. Chotsani kaye waya wa negative pa batire. Kokani waya wonenepa kuchokera ku positive mpaka ku ampu, fyuzi muyiike pafupi ndi batire, isapitirire masentimita 45, chifukwa wayayo akakhudza chitsulo popanda fyuzi galimoto ikhoza kuyaka moto, izi sizoseweretsa ayi. Waya wa earth akhale waufupi komanso wonenepa mofanana ndi mnzake, palani penti mpaka chitsulo chiwale ndiye mumange ndi bawuti. Kawaya ka remote, nthawi zambiri kabuluu ka mzere woyera, kamachokera kuwailesi kuti ampu iziyaka ndi kuzima limodzi nayo. Ma RCA, mawaya otenga mawu kuchokera kuwailesi kupita ku ampu, adutsitseni mbali ina ya galimoto kutali ndi waya wamagetsi uja kuti musamamve kulira kwa injini mmasipika.

Mukabwezera batire chatsala nkutchuna ampu. Low pass, yomwe imalola mawu apansi okha kupita ku sabu, iyikeni cha pa 80 Hz, bass boost, yowonjezera bezi, ikhale pa 0. Gain si volume abale, ntchito yake nkufananitsa ampu ndi mphamvu yomwe wailesi ikutumiza, mukaikweza mpaka kumapeto mawu amasweka, koyilo nkutentha mpaka kupsa, fungo lake simungaliiwale. Ikani gain pansi, kwezani volume ya wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, kenako muzikweza gain pang'onopang'ono, mukangomva kuti yayamba kusasa bwererani pang'ono musiye pomwepo.

Bezi ikamamveka yofooka mukakhala pampando woyendetsera, sinthani phase, swichi yotembenuza kayendedwe ka koni, kuchoka pa 0 kupita pa 180, mumvetsere, musiye pomwe ikugunda kwambiri.