Mtolankhani akakupezani mutachitiridwa zaupandu

Mtolankhani akafika pakhomo, simukukakamizidwa kuyankhula. Mufunseni dzina lake, komwe amagwira ntchito, ndi tsiku limene nkhaniyo ituluke. Gwirizanani asanayambe kujambula: dzina lisatchulidwe, nkhope isaoneke. Komatu kubisa dzina kokha sikokwanira. Akatchula mudzi, sukulu ya mwana, kapena akajambula khomo la nyumba yanu, anansi akuzindikirani tsiku lomwelo.

Nkhani ikakhala kupolisi kapena kukhoti, musafotokoze mwatsatanetsatane. Mawu anu akasiyana pang'ono ndi sitetimenti imene munapereka, loya wa woganiziridwayo adzagwira pomwepo. Pabanja sankhani munthu mmodzi woyankhula.

Akalemba zabodza, sungani nyuzipepalayo, lemberani mkonzi kuti akonze, ndipo akakana kadandauleni ku Media Council of Malawi, bungwe loona za kagwiridwe ka ntchito ka atolankhani. Madandaulo a za pawailesi amapitanso ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi.